Nyerere pa Botolo la Tiwo

Ba Exildah Mukupa ankawazira nkhuku zawo gaga pamene anamva kuti phii kuseri kwa mpanda. Atasuzumira anaona chikwama cha nsalu chili gone pa fumbi. Kenako panauluka nsapato yakuda, yatsopano, n'kukagwera m'ngalande, ndipo bulangete linatsatira pambuyo. Munthu amene wagwira upolisi mpaka kumera imvi sangaone katundu akuuluka n'kupitiriza kudyetsa nkhuku. Anapukuta manja pa chitenje n'kuzungulira ku geti la Ba Magdalene, oyandikana nawo nyumba.

Tsikulo silinali loti anthu aziponyerana mabulangete. Linali la chilanga mulilo cha Tiwo, mwana yekhayo wa Ba Magdalene, tsiku limene akuchikazi amaphika zakudya zamitundumitundu n'kuzisenza kupita nazo kwa mkamwini kuti aone mmene azidzadyera akakwatira. Mbaula zinali ndandanda pabwalo, utsi uli tolo, koma amayi ophika anali ataima ndi zipande m'manja ngati ajambulidwa chithunzi. Ng'oma zinali zii.

Pakhomo pa nyumba panaima Ba Victor, mlongo wamkulu wa Ba Magdalene, atavala jekete m'mawa wotentha chonchija. Anagwira botolo lobiriwira pakhosi, m'mwamba, ngati wagwira wakuba.

"Mwabwela bwino, ba sajeni," anatero. "Onani vamene achita mufana wanga. Ati naleka moba, naleka moba. Iyi ni waini ya Tiwo ya ku France, yamene tinafunika kupeleka kuli ba pongozi lelo. Naipeza pansi pa bedi yake, ilibe olo kadontho."

Mng'ono wawoyo, Ba Dyton, anali atakhala pa njerwa pafupi ndi chipupa, mutu uli zyoli. Komboni yonse ya Matero inkawadziwa. Kwa zaka zambiri ankagona paliponse pamene mowa wawagwetsera, mpaka dzinja lapitalo pamene anatoledwa m'ngalande madzi akuwafika m'khutu. Atatuluka m'chipatala analeka. Ba Magdalene anawapatsa kachipinda ka kuseri, iwo n'kuyamba kusula mbaula za migolo, ndipo Tiwo, poti bambo ake anamwalira, anasankha malume ameneyu kuti ndiye adzamugwire dzanja polowa m'tchalitchi. Nsapato inagwera m'ngalande ija inagulidwira tsiku limenelo.

"Nyumba ino ni ya batate bathu," anapitiriza Ba Victor. "Chakolwa sazagonamo futi. Na ku chikwati asaoneke, Tiwo nizamupeleka neka."

Ba Magdalene anali atatsamira chitseko akulira chamumtima. Ankakonda alongo awo onse awiri, koma wamkulu ndi wamkulu.

Ba Exildah anayandikira pa njerwa paja. "Ba Dyton, mwamwa ndimwe?"

"Nilibe mau, ba sajeni."

"Sininafunse ngati muli na mau. Nafunsa ngati mwamwa."

Ba Dyton anangoyang'ana zala zawo za kumapazi. Ba Exildah anawerama ngati akukonza chitenje, koma cholinga chinali mphuno. Munthuyo ankanunkha sopo ndi utsi wa makala, basi. Anatenga botolo lija kwa Ba Victor n'kuliyang'ana padzuwa. Chotsekera chake, chija chofewa ngati chitsononkho, chinali m'kati mwa botolo, chitabooledwa ndi kunyenyeka. Pakhosi pake pankamata m'manja. Ndipo Ba Victor, osadziwa, ankakanda dzanja, chifukwa nyerere zinali zitatsika pa botolo n'kulowa m'jekete mwawo.

"Nipaseni nthawi," anatero Ba Exildah.

"Nthawi ya chani? Umboni si uwu?"

"Mpaka nkhuku zipse chabe."

Ba Victor anayang'ana mapoto. "Zikapsa, uyu ayenda. Akakana, nimupeleka ku polisi na manja yanga."

* * *

Tiwo anali m'chipinda cha amayi ake, monga mwambo umafunira kuti mkwatibwi asaoneke panja tsiku lotere. Maso anali psuu. Ataona botolo m'manja mwa Ba Exildah anatembenukira ku chipupa.

"Aunti, sinililila waini. Nililila ba malume. Ndiye benzonipeleka ku sukulu pa njinga, olo bagona na njala. Nenze nakondwela maningi kuti bachila."

"Pukuta misozi, uniuze za iyi botolo. Ni chani chamene chenzemo, kuti nyumba yonse igwedezeke so?"

Tiwo anafotokoza. Pamene ankaphunzira zaulimi ku France, ankapita kukagwira ntchito m'munda wa mphesa kudera lotchedwa Chablis, kwa mayi wina wokalamba amene makolo ake analima mapiri omwewo kuyambira kalekale. Nthaka yake ndi yoyera, yamiyalamiyala, ndipo ukakumba umapezamo tizigoba ta nkhono za m'nyanja, ngakhale nyanja ili kutali. Chaka chimenecho chisanu chinagwa mphesa zitangophuka. Anthu onse a pamundapo, Tiwo ali pomwepo, anayatsa moto m'zitini pakati pa mizere kuti masamba asapse ndi kuzizira, zala zili gwa. Mphesa zinapulumuka, iye anathyola nawo, ndipo pobwerera kwawo mayi uja anamupatsa botolo limodzi la vinyo wa zokolola zimenezo. Anati akapereke kwa anthu amene adzamulandire ngati mwana wawo.

"So nenze nifuna kupasa ba Nkole, batate bake ba Mwenya bamene bazanikwatila," anatero Tiwo. "Ine ndine mwana wa ba Nyasa, beve ni ba Bemba, koma kuchokela tsiku loyamba baniitana ati mwana wanga. Nenzelibe china chonenela zikomo."

Ba Exildah anagwedeza mutu. Nkhani ya moto m'zitini inawakhudza, koma maso awo anali pa kanyerere kamene kankayenda pa chala chawo.

"Imanzuna bwanji iyi waini yako? Monga ija yofiila ya pa mgonelo?"

Tiwo anaseka pang'ono, misozi ili m'masaya. "Awe, aunti. Ni yoyela, na kunzuna siinzuna olo pang'ono. Bamaileka iwile mpaka shuga yonse ya mu mphesa yasila. Ukamwa imvekela monga ndimu, yowawasa, yakuthwa pa lilime. Ine first time ninafuna kulavula."

"Shuga ilibe?"

"Ilibe."

Ba Exildah anakweza botolo lija kuti Tiwo aone mzere wa nyerere ukukwera ndi kutsika pakhosi pake.

"Manje izi zabwela kufuna chani?"

* * *

Ba Karen, amene ankayang'anira mapoto a nkhuku, anali munthu woti ukamufunsa njira amakuuzanso mbiri ya amene anailambula. Ba Exildah anawakokera kuseri kwa thanki ya madzi.

"Ine ba sajeni nakamba kudala, chinthu cha mtengo osaika mu kabati ya magalasi, chimaitana maso. Manje onani. Na shuga futi! Mailo masana nasiya paketi yodzala pa tebulo mu sitingi lumu, ya munkoyo, ija thobwa yathu, nibwelako yafika pa hafu. Nafunsa bonse, aliyense ati sindine. Ba Magdalene bachita kutuma ku kantemba kukagula ina. Nyumba ya chikwati imangena banthu bambili, mwandi."

"Kabati imakhomewa?"

"Imakhomewa. Kiyi ili na ba Magdalene, koma mailo banapasa ba Elesi kuti balongeze mbale na makapu yopeleka."

Ba Elesi anali alangizi a Tiwo, mayi wamkulu amene ankamuphunzitsa za banja ndipo ndi amene ankayendetsa mwambo wonse. Analinso mkulu wa amayi a chigwirizano ku tchalitchi kwawo, munthu amene ankawoloka msewu akaona bala kuti fungo lisamugwere pa yunifolomu.

"Balikuti ba Elesi lelo?"

"Ndiye chodabwisa! Tsiku lao leni-leni, batumiza mau ati mutu, ati kapena maleliya, bazabwela vakudya vikapsa. Koma mailo benze bwino maningi. Sininabaonepo so. Kumadzulo batuluka mu nyumba baimba, bavina, bachita na kunyamula chipande monga maiki. Ba Elesi! Tinaseka mpaka nthiti. Pa last bagona pa saka ya unga, bachita kubapeleka ku nyumba. Tinati ni kulema na chimwemwe."

Ba Exildah sanaseke, ngakhale kuseka kunawafika pakhosi. Anatuluka pa geti kupita kwa Ba Fackson, wogulitsa makala, amene mulu wake unayang'anizana ndi bwalo la Ba Magdalene. Ameneyu mawu ankawatulutsa ngati amalipira msonkho.

"Ba Fackson, mailo Ba Dyton munabaona?"

"Ee."

"Benzochita chani?"

"Nkhuni. Kuwaza."

"Mu nyumba banangena?"

"Awe. Kuchokela pamene inabwela ija botolo, sibangenamo. Na vakudya badyela panja."

Mtima wa Ba Exildah unatsika pang'ono. "Benzoyenda bwanji kumadzulo? Kudzandila?"

"Stileti."

"Palibe china?"

Ba Fackson anakanda ndevu ndi chala chakuda. Zinkaoneka kuti sakufuna kunena, koma analinso munthu wosadziwa kunama.

"Ku dzenje la vinyalala. Banatolapo chinthu. Babisa mu shati."

"Chinthu cha bwanji?"

"Cha gilini."

Kuseri kwa mpanda kunamveka mawu a Ba Victor akufunsa ngati nkhuku zafewa. Ba Karen, Mulungu awadalitse, anayankha kuti zinali nkhuku zachikuda, zolimba ngati tayala.

* * *

Nyumba ya Ba Elesi inali kuseri kwa msika. Makatani anali otseka dzuwa lili pamutu. Ba Exildah anaodira kawiri, n'kukankha chitseko, ndipo anapeza mayiyo ali pa mphasa, atamanga nsalu yonyowa pamutu, Baibulo lili pambali losatsegula.

"Ba Exildah, kambani pang'ono-pang'ono, mutu ufuna kung'ambika."

"Pepani, ba mai. Ku kiliniki mwayenda?"

"Izasila yeka."

"Ee, maleliya ya mtundu uyu imasila yeka. Ninaiona maningi mu maselo ya polisi pa Sondo kuseni."

Ba Elesi anatsegula diso limodzi. Ba Exildah anakhala pa mpando, n'kutulutsa botolo m'chitenje, n'kuliimika pakati pa mphasa. Kenako anapinda manja. Pa ntchito yawo anaphunzira kuti munthu wa chikumbumtima safunika kumukalipira, umangomusiya ndi chinthucho.

Ba Elesi analiyang'ana. "Ninaitaya mu dzenje. Yabwela bwanji?"

"Niuzeni kuyambila poyamba."

Mayiyo anadzuka n'kukhala tsonga, atagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Imwe muziba mwambo. Chilichonse choyenda kuli ba pongozi, mulangizi afunika alabe. Nkhuku nilaba, chikanda nilaba, munkoyo nilaba. Chikafika kuja chilibe mchele olo chaola, nsoni ni zanga, na mwana bazamuseka moyo wake wonse. Zaka zonse izi sininapelekepo chinthu chamene sichinapite pa lilime yanga. Manje iyi botolo inaniyangana mu kabati. Nati ni moba, nisagwile. Nati futi, yayenda mu ndeke, yankhala pa kupya, nanga ngati yaonongeka? Nati kasupuni kamozi chabe, Mulungu aziba ni nchito."

"Munatsegula na chani?"

"Na mpeni. Chotsekela chinakana, chinagwela mukati. Nalaba." Ba Elesi anakwinya nkhope ngati akulawanso. "Mayo! Yosasa! Monga viniga. Nati mwana bamunama bazungu, olo yaola mu njila. Nizapeleka bwanji vosasa kuli ba Nkole? Ku Tiwo sinikanakamba, angalile. So nati niikonze monga mwamene tikonzela munkoyo ukasasa. Nachosako ina kuti shuga ipeze malo, naika shuga, nakhutchumula, nalaba. Ikali. Naikako, nalaba. Naikako futi, nalaba futi."

"Na kasupuni?"

Ba Elesi anaweramitsa mutu. "Pa last nenzeseŵenzesa kapu."

Apa Ba Exildah analephera kudzigwira, anaseka mpaka kupukuta maso. Koma kuseka kwake kunali kwa chisoni, chifukwa mayiyo sanachite zimenezi ndi dyera. Anachita ndi chikondi ndi mantha.

"Inankhala monga phala, na tunyenyeswa twa chotsekela mukati," anapitiriza Ba Elesi. "Nachita mantha, nathila vonse mu dzenje, nataya na botolo. Vamene vinachitika pambuyo, bakamba ati ninavina. Ine, Ba Exildah! Wa chigwilizano! Nenze nifuna niyende masana nikauze ba Magdalene pa tweka. Pulizi, musauze banthu. Bazanivula yunifomu."

"Kuuza olo kusauza ni kwanu, ba mai. Ine upolisi ninaleka. Koma zibani kuti iyi botolo baipeza pansi pa bedi ya Ba Dyton. Katundu wao uli pa mseu. Nkhuku zikapsa, babapilikisa, na ku chikwati sibazapondako."

"Dyton? Nanga akamba chani?"

"Ati alibe mau."

Ba Elesi anayang'ananso botolo lija. Kenako anamasula nsalu yonyowa ija n'kuiponya pansi. Anaimirira, anadzandira pang'ono, n'kutsegula kabokosi ka zovala. Ba Exildah ankayesa akufuna chitenje, koma mayiyo anatulutsa yunifolomu yake ya chigwirizano, bulauzi yoyera ndi duku lake, n'kuyamba kuvala.

"Ngati ni kunivula, banivule bonse baona," anatero. Ali pakhomo anabwerera, n'kusolola pansi pa tebulo fulasiki ya tiyi yamaluwamaluwa.

"Tiyi ya chani futi? Tachedwa."

"Si tiyi," anatero Ba Elesi.

* * *

Anafika Ba Karen atatha mabodza onse. Nkhuku zinali zitapsa mpaka kulekana ndi mafupa, ndipo Ba Dyton anali kale pa geti, chikwama paphewa, bulangete m'khwapa, patapata kumapazi. Ba Magdalene anawagwira malaya, Ba Victor akuloza msewu.

Ba Elesi sanapite kwa Ba Victor kapena kwa mwini nyumba. Anagwada pa fumbi, ndi yunifolomu yoyera ija, patsogolo pa Ba Dyton, n'kufotokoza zonse mokweza kuti ndi a ng'oma omwe amve. Sanasiyeko kanthu, ngakhale za kapu. Amayi ena anabisa nkhope m'zitenje mapewa akugwedezeka, koma panalibe amene anaseka mokweza.

"Manje iwe," anatero Ba Victor, mawu atachepa, "botolo inapezeka bwanji kwako?"

Ba Dyton anatsitsa chikwama. Anayamba kaye awadzutsa Ba Elesi, chifukwa sakanatha kulankhula mayi wamkulu ali chogwada.

"Nenzewaza nkhuni, nabaona bataya. Naziba kuti ikapezeka mu dzenje bazafunsa wamene enze na kiyi. So naitola."

"Ungalole kupilikisiwa pa mulandu wa munthu wina? Ndiwe wofuntha?"

"Ba Victor, ija tsiku nenze mu ngalande, banthu bangati banapita? Benangu banajambula na foni. Aba ba mai benzeyenda ku tchalitchi na yunifomu yamene iyi. Banangena mu matika, banichosa, babweleka wilibala ya Ba Fackson, banikankha beka mpaka ku kiliniki. Nenzenunkha, ninabalukila masanzi. Ine dzina yanga inaonongeka kudala, kuikapo botolo imozi sichinthu. Yao ikali yoyela. Nenzelibe china chobapasa."

Ba Elesi ankalira poyera. Ba Exildah, amene pa ntchito yawo anaona anthu akukankhirana milandu ngakhale pa mwana ndi mayi ake, anamva kutentha m'maso, ndipo anathokoza mumtima kuti Mulungu anawasunga mpaka aone munthu akudzikokera mlandu chifukwa cha zikomo.

Tiwo anali atamva zonse pa windo. Mwambo kapena ayi, anatuluka n'kukumbatira malume ake, kenako alangizi ake.

"Ba mai, siinaole," anatero akuseka ndi kulira pamodzi. "Ndiye mwamene imvekela. Bamaipanga dala so."

"Dala?" Ba Elesi anadabwa kwenikweni. "Na mashuga yonse yamene bali nayo kuja?"

Apa ndiye bwalo lonse linaphulika. Kuseka kutachepa, Ba Elesi anapereka fulasiki ija. Munali vinyo amene anachotsako poyamba kuti shuga apeze malo, wosakhudzidwa, woyera mopita ku chikasu ngati udzu wouma. Tiwo ananunkhiza n'kutseka maso. Anati ndi yemweyo, fungo la phiri lija m'mawa.

Ba Karen anatsuka botolo ndi madzi otentha mpaka nyerere yomaliza, anakoka chotsekera chonyenyeka chija ndi ulusi, ndipo Tiwo anathiramo vinyo mosamala. Anafika ndendende pa mzere wa pamwamba wa pepala lomata pa botolo. Anatseka ndi chitsononkho chosema. Silinali botolo lodzaza, koma linali ndi nkhani yoti akaifotokoze kwa apongozi.

Mapoto anakulungidwa m'zitenje, amayi anasenza, ng'oma zinayamba. Kwa Ba Nkole, ku komboni ya George, kunali koyenda pansi. Panatsala funso limodzi, ndipo analifunsa Ba Karen.

"Botolo anyamula ndani? Chitsononkho sichigwila bwino, ifunika munthu wa manja yabili."

Ba Victor anatambasula dzanja. Ba Magdalene, amene kuyambira m'mawa sanatsutse mlongo wawo ngakhale liwu limodzi, analitenga botolo pa tebulo, anawadutsa, n'kuliika m'manja mwa Ba Dyton.

"Ba sisi," anatero Ba Dyton, "njila ipita pa bala."

"Niziba," anatero Ba Magdalene.

Ba Exildah anatsekera nkhuku zawo n'kutsatira gulu, ali pambuyo pang'ono. Sanachite dala, koma maso a upolisi sapuma pa ntchito. Anaona Ba Dyton akuyenda pakati pa amayi oimba, atagwira botolo pachifuwa ngati khanda, fungo lake likuwakwera m'mphuno pa phazi lililonse. Pa bala ya pakona, anzawo akale anali pa benchi. Anaimirira n'kuyamba kukuwa.

"Dyton! Mudala! Wabwela na ya bazungu! Bwela tilabeko chabe!"

Thukuta linatsika m'khosi mwa Ba Dyton. Sanatembenuke, ndipo sanafulumire. Ba Elesi, mutu ukuwawabe, anasendera n'kuyenda mbali ya ku bala, pakati pa iwo ndi benchi, akuimba mokweza kuposa onse.

Kwa Ba Nkole anawalandira ndi nthungululu. Zakudya zitavundukulidwa chimodzichimodzi, Ba Elesi anafotokoza za botolo, za moto m'zitini, ndi chifukwa chake linafika losadzaza. Ba Nkole anaseka mpaka kutsokomola. Anathira pang'ono m'kapu, analawa, nkhope inakwinyika ngati ya mwana womwa mankhwala, koma anameza.

"Yakalipa," anatero, "koma yachokela kutali na manja ya mwana wanga. Natotela sana." Atathokoza choncho m'Chibemba, anathiranso.

Ba Victor sanaseke nawo. Ba Exildah anali atawaona pamene botolo linkaikidwa pa tebulo, lisanatsegulidwe. Ba Victor anawerama ngati akumanga chingwe cha nsapato, n'kuyang'ana pa mzere wa pepala uja. Vinyo anali pomwe Tiwo anamusiya.

Tsopano Ba Victor anatuluka panja pamene Ba Dyton anakhala pa chitsa akumwa madzi. Ba Victor anaima patsogolo pawo nthawi yaitali, poti kupepesa kwa mng'ono sanakuphunzire. Kenako anapisa dzanja m'jekete lawo, lomwe linali litatupa mbali imodzi njira yonse, n'kutulutsa nsapato yakuda ija, matope a m'ngalande atauma pamphuno pake. Anatenga kansalu kawo ka m'thumba, anaipukuta mpaka inawala, n'kuiika pa maondo a mng'ono wawo.

"Inzake ili mu chola," anatero. "Uzipolishe bwino. Tiwo sangangene mu tchalitchi na munthu wa patapata."